Masiku Makumi Asanu ndi Atatu

Buku lija ndinalitola ku Bangula madzi ataphwa,
lopanda chikuto, masamba atamatirana ndi matope.
Ndinaliyanika pa lata masiku awiri.
Zomwe zinapulumuka zikunena za Aaziteki,
anthu a kutali amene anamanga mzinda pakati pa madzi
nalima pa thope ngati ife a kudimba.

Ntchito yanga n'kumasulira m'khoti la ku Ngabu.
Ndimatola mawu a Chisena pakamwa pa munthu wonjenjemera,
n'kuwapukuta, n'kuwaveka nsapato
asanakafike kwa woweruza.

Lero ndi Bizeki Tchale.
Chimanga chinayi, chachiwisi, cha m'dimba la eni.
Aka n'kachisanu ndi chiwiri kuimirira m'bokosimu.
Poyamba mboni inatsekerezedwa ndi mtsinje wa Mwanza.
Kachiwiri galimoto ya apolisi inalibe mafuta.
Kenako fayilo inasowa, inapezeka, inasowanso,
ndipo malaya amene anamugwira nawo
tsopano akumukhuthukira m'mapewa.

Bukulo likuti kwawoko
mlandu sunkagona kupitirira masiku makumi asanu ndi atatu.
Likuti wapaulendo wanjala
ankathyola chimanga cha m'mphepete mwa njira osabisala,
poti mizere imeneyo ankabzalira iyeyo.
Woweruza wodya za m'manja ankalipira ndi khosi lake,
ndipo wobadwira m'nyumba yaulemu akalakwa
chilango chake chinkaposa cha mlimi wamba.

Musaganize kuti ndikuwasirira.
Masamba ena akununkha magazi:
chingwe cha pakhosi, miyala, khola la mitengo losungiramo munthu,
wakuba pamsika kuphedwa dzuwa lisanapendeke.
Bizeki akanalumpha mzere umodzi wokha kulowa mkati mwa munda,
sindikudziwa ngati akanaona m'mawa.
Koma akanadziwa.
Kuno munthu amafa pang'onopang'ono ndi tsiku losatchulidwa.

Pali tsamba lina long'ambika pakati:
wosuntha malire a munda wa mnzake aphedwe.
Ndinaseka ndekha usiku, udzudzu ukundiimba m'khutu.
Kuno wosuntha malire timamudziwa tonse.
Chaka chilichonse Shire amazula zikhomo,
kutenga dimba la uyu kukapatsa ng'ona,
kusiya mchenga wofika m'chiuno pamene Bizeki ankalima mapira.
Samani yake alembe ndani?
Akaipereke wapolisi uti, pa bwato liti?

Fani ya kudenga inafa kalekale.
Thukuta likudontha pa pepala la mlandu.
Panja mbuzi ikutafuna katoni pansi pa mtengo wa nimu.
Woweruza ndi mayi wabwino, sadya za munthu,
koma maso ake atopa ngati a ng'ombe yokoka ngolo ya thonje.
Akuyang'ana kalendala. Ndikudziwa mawu akubwerawo,
ndawamasulira kambirimbiri mpaka asiya kulemera pa lilime:
mlandu waimitsidwa, mudzabwerenso mwezi wamawa.

Bizeki wakweza dzanja.
Sakufunsa za belo, sakufunsa za ana.
Akuti: chimanga chija chikadalipo?

Wapolisi wamasula jumbo ya umboni.
Mwatuluka fumbi, ndi zitsononkho zinayi zobowokabowoka.
Anankafumbwe anamaliza kale,
anadya poyera, m'chipinda cha boma, pansi pa loko,
ndipo palibe wawatsegulira mlandu.

Funso lake sindinalimasulire lonse.
Linali ndi njala mkati, ndipo nsapato sizinalikwane.

Alembi a Aaziteki, likutero buku, sankalemba ndi zilembo,
ankajambula: woimba mlandu apa, woimbidwa apo,
mawu akutuluka pakamwa ngati utsi wopotana.
Madzulo ano, khoti litatsekedwa,
ndatenga bolopeni yanga yofiira
n'kujambula kuseri kwa fayilo munthu wowonda,
chimanga chinayi, mtsinje wopanda unyolo,
ndi timizere tating'ono, kamodzi pa tsiku lililonse.

Ndinadutsa makumi asanu ndi atatu dzanja lisanatope.
Pepala linatha ndisanafike pa lero.